Ndinagula Zala Ziwiri

Anzanga a kuntchito ankaitcha kabokosi ka machesi. Ikaima pakati pa ma Hilux ndi ma Prado, inkaonekadi ngati mwana amene watsatira akuluakulu kubwalo la milandu. Inali Suzuki Jimny ya 2008, ya injini ya 1.3, imene ndinaitanitsa ku Japan, n'kutsikira padoko la Dar es Salaam, n'kulowa m'dziko muno kudzera pa Songwe. Kwa zaka zitatu sinandichititsepo manyazi. Panjira ya kumudzi kwa amayi, kuseri kwa Golomoti, pali kadambo kamene mvula ikagwa masiku awiri kamasanduka phala. Ndinaonapo lole itagona pamenepo usiku wonse, anyamata akukumba ndi makasu. Ine ndinkangodina batani la 4WD, kagalimoto n'kudutsa ngati nkhuku pamatope. Chinsinsi chake chinali kupepuka: kulemera kwake kumangopitirira pang'ono tani imodzi.

Matenda anandilowera m'maso. Pa Facebook ndinayamba kuona zithunzi za ma Jimny a ku South Africa ndi ku Australia atavala matayala onga a thirakitala, ataima pamiyala motukumula chifuwa. Ndikatuluka panja n'kuyang'ana yanga, inkaoneka yonyentchera miyendo. Ndiye tsiku lina, panjira ya ngolo imene mawilo anakumba uku ndi uku n'kusiya msana pakati, difu inakhudza pansi n'kulira kuti gugu. Palibe chinaonongeka, koma chifukwa chimene ndinkachifuna ndinachipeza. Madzulo ndinauza mayi akunyumba kuti galimotoyi ndi yaifupi, tsiku lina idzatisiya m'tchire. Anandiyang'ana n'kufunsa ngati m'zaka zitatuzo inatisiyapo. Sindinayankhe.

Pali amdala ena a ku Biwi amene akhala akundikonzera galimoto kuyambira kale, munthu wosachedwa kukhala chete. Nditawauza maganizo anga anapukuta manja pa ovolosi n'kunena kuti, “Bambo, galimotoyi anaisoka pamodzi ndi nsapato zake. Mwana akavala jombo za atate ake amaoneka wamkulu, koma mutumeni kuchigayo muone.” Ndinaseka, n'kuganiza kuti nkhalamba zimaopa chatsopano chilichonse.

Loweruka lotsatira ndinali pamalo ena ogulitsa matayala m'tauni. Pa Jimny ya mtundu wanga pamakhala matayala olembedwa 205/70R15. Nthawi imeneyo manambalawa ndinkangowaona ngati nambala ya foni. Mnyamata wogulitsa anagubuduza tayala lolembedwa 235/75R15, la mano akuluakulu a m'matope, lochotsedwa pa galimoto ina yaikulu koma mano akadali athunthu. Analimenya ndi chikhatho. “Bwana, izi ndiye nsapato. Mukavala izi ma Prado azikupatsani moni.” Analipo anayi okha. Nditafunsa za lachisanu anati sipeya ndi ya tsiku limodzi, yakaleyo ikwana, ndiponso lalikulu silingakhale pachitseko cha kumbuyo osagunda bampala. Zinandikomera m'khutu poti ndalama nazo zinali zitathera pa anayiwo.

Chenjezo loyamba linabwera ndisanatuluke n'komwe pageti. Nditapinda chiwongolero mpaka kumapeto, kutsogolo kunamveka khwee, khwee. Tayala linkapala pulasitiki ya mkati ndi ngodya ya bampala. Mnyamata uja anatenga sowo n'kudula, penapo n'kuphwanya ndi hamala, phokoso n'kutha. Patapita sabata, nditanyamula anthu atatu n'kudumpha hampu, matayala anagunda madigadi. Anandiuza kuti mankhwala ake ndi masipuling'i aatali okweza galimoto ndi mamilimita 50. Ndinagula. Kenaka tayala linayamba kukhula chitsulo cha mkati pokhota, ndipo mankhwala ake anali masipesa, timbale tachitsulo tomangira pakati pa habu ndi limu kuti tayala lituluke kunja. Ndinagulanso. Amene anatengapo katapila akudziwa mmene zimayendera: umabwereka kwa uyu kuti utseke pakamwa pa uyo, ndipo mwezi uliwonse umadziuza kuti apa ndiye pomaliza.

Koma kukongola kokha, tisanamizane, inakongola. Alonda a kuntchito anaizungulira kawiri. Dzina la kabokosi ka machesi linafa tsiku lomwelo. Ndinaijambula n'kuika pa WhatsApp, anthu n'kumandifunsa ngati ndagula ina.

Ulendo woyamba wa kumudzi ndi umene unandionetsa kuti m'kati mwa nkhuyu muli nyerere. Kuchoka ku Lilongwe kupita ku Dedza ndi kukwera: mzinda uli pamtunda wa mamita 1,000 ndi pang'ono, Dedza ali cha m'ma 1,600. Kale ndinkadutsa Nathenje ndi Linthipe ndili m'giya yachisanu, n'kutsitsa pazitunda zenizeni zokha. Tsopano giya yachisanu inasanduka yokongoletsa. Kamtunda kakang'ono, injini yayamba kubuula, nditsitse yachinayi, nditsitse yachitatu. Minibasi yodzaza anthu ndi madengu a tomato inandipitirira kondakitala akundikupizira dzanja. Podzuka pamalo pankafunika kupondereza moto ndi kusewera ndi kilachi. Thanki ya Jimny imalowa malita 40. Kale ndinkabwerako kumudzi ndi mafuta otsala oyendera kuntchito masiku angapo, koma tsopano ndinkafikira pamzere wa petulo, ndipo chinali chaka chimene tinkagona m'magalimoto pamafiling'i siteshoni.

Padambo paja napo sindinapindule monga ndinkalotera. Difu inasiya kukhudza msana wa njira ya ngolo, chimenecho ndivomere. Koma matayala otambalala pansi pa galimoto yopepuka sankaboola matope kuti akagwire dothi lolimba la pansi monga ankachitira opyapyala aja. Ankayandama pamwamba, galimoto n'kumatsetserekera cham'mbali ngati nkhanu. Ndinatuluka, koma ndi fungo la kilachi yopserera.

Chimene chinandibweza kwa amdala aja ndi apolisi apamsewu. Pamalo ena a malonda pali chikwangwani cha 50. Muvi wanga unali utapitirira pang'ono, penapake pa 55, monga ambirife timachitira. Anandiimitsa n'kundionetsa 60 pa kamera yawo. Ndinakangana nawo mpaka thukuta, kuwauza kuti makina awo ndi onama. Ndinalipira, n'kupita ku Biwi ndi lisiti m'thumba kukadandaula.

Amdala sanayankhe za apolisi. Anamasula sipeya pachitseko, n'kulemba mzere wa choko patayalapo ndi pasimenti. Analigubuduza mpaka mzere uja unabwereranso pansi, n'kulembanso. Kenaka analemba tayala lalikulu lili pagalimoto pomwepo, n'kuuza anyamata awo kuti akankhe pang'onopang'ono mpaka lizungulire kamodzi. Anatambasula tepi. Laling'ono linayenda mamita 2.10. Lalikulu, pafupifupi 2.30.

“Galimoto msewu siuona, bambo,” anatero. “Imangowerenga kuti tayala lazungulira kangati. Anaiphunzitsa kuti kuzungulira kamodzi ndi apa. Inu mwaipatsa mwendo wofika apo, osaiuza.”

Kusiyana kwake ndi gawo limodzi mwa magawo khumi. Muvi ukaloza 80, galimoto ili pafupi ndi 88. Mita ikawerenga makilomita 100, mwayenda 110. Oilo amene ndinkati ndikusintha pa makilomita 5,000 aliwonse ankafika 5,500. Ndipo giya iliyonse inali italemera ndi mlingo womwewo, monga wakabaza amene tcheni chamukanirira pa giya yolimba ndiye akwere nacho chitunda atanyamula munthu. Injini yaing'ono ngati imeneyi mphamvu zake zili pothamanga. Mukaikakamiza kukoka ikuzungulira pang'onopang'ono, imamwa mafuta ambiri n'kumapereka zochepa.

Tsiku limenelo ndi limene ndinaphunzira kuwerenga manambala aja. Pa 205/70R15, 205 ndi kutambalala kwa tayala m'mamilimita, 70 akutanthauza kuti khoma la m'mbali ndi maperesenti 70 a kutambalalako, ndipo 15 ndi kukula kwa limu m'mainchesi. Mukawerengera, tayala lonse kuchoka pansi kufika pamwamba ndi mamilimita 668. La 235/75R15 ndi 733 ndi theka. Limu ndi lomwelo la 15, n'chifukwa chake ambirife timaganiza kuti palibe chachikulu chasintha.

“Kodi munkafuna chiyani kwenikweni?” anandifunsa.

Ndinati ndinkafuna difu italikirane ndi nthaka.

Anagwada n'kuloza. Jimny ili ndi ekiselo yamtengo umodzi kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo difu imakhala pa ekiseloyo. Masipuling'i aatali amakweza bodi yokha, difu imatsala pomwe inali. Chimene chimaikweza ndi tayala basi, ndipo pa mamilimita 65 amene ndinawonjezera, theka lili pamwamba pa ekiselo, theka pansi. Phindu langa lonse linali mamilimita 33. Anagundanitsa chala cha mkombaphala ndi chapakati n'kundionetsa.

“Mwagula izi.”

Asanandisiye anatola sipana n'kuiveka paipi yaitali, monga amachitira nati ikakana kumasuka. Anati paipi imachulukitsa mphamvu ya dzanja mpaka bawuti imatha kuduka. Tayala lalitali ndi paipi imene mwapatsa msewu. Mukaponda buleki, msewu umalimbana ndi mabuleki anu uli ndi paipi m'manja, pamene madisiki a kutsogolo ndi madiramu a kumbuyo ndi omwe aja anayezedwa pa tayala laling'ono. Masipesa ndi paipi inanso, yopanikiza mabering'i cham'mbali. Anandiuza kuti ndinyamule tayala lakale ndi dzanja limodzi, kenaka ndiyese latsopano tsiku lina likadzamasulidwa. Ndinadzayesa. Linafuna manja awiri ndi msana.

Apa ndiye pamene munthu wanzeru akanabwerera. Ine ndinawerengera ndalama zimene zinali zitalowa kale, ndinakumbukira alonda aja akuizungulira, n'kunena kuti ndiziyendetsa mosamala. Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kuwazemba amdala aja, n'kumapita kwa anyamata ena amene sankafunsa mafunso.

Patatha miyezi itatu kunabwera kunjenjemera. Ndinali cha ku Nathenje, muvi uli pa 70, tayala lakumanzere n'kumenya kadzenje kosaopsa n'komwe. Chiwongolero chinayamba kugwedezeka uku ndi uku ngati sefa ya ufa m'manja mwa mayi wofulumira. Galimoto yonse inkanthunthumira, magalasi akulira, manja anga akulephera kugwira. Sizinaleke mpaka nditatsika pa liwiro la njinga yamoto yotopa. Ndinaima, kuyang'ana mawilo, osaona kanthu. Eni ma Jimny m'maiko ambiri amalidziwa vutoli, ndipo kawirikawiri gwero lake ndi mabering'i a king pin, tiwiri mbali iliyonse, kena pamwamba kena pansi, pamene wilo lakutsogolo limapindikira. Ndi tating'ono, madzi akalowamo timachita dzimbiri, ndipo tayala lolemera lotulutsidwa kunja ndi sipesa limatitha msanga. Kukweza galimoto kumawonjezera: ekiselo imapendekeka pang'ono, ndipo kupendama kuja kumene kumachititsa chiwongolero kubwerera chokha pakati, konga kwa foloko ya njinga, kumachepa. Galimoto imayamba kusakasaka msewu ngati mbuzi yomasuka.

Anyamata aja anabalansa mawilo n'kundigulitsa shoko yomangira ku chiwongolero. Kunjenjemera kunachepa. Tinali tamanga nsalu pachilonda chamafinya.

Mwezi wa December mvula itayamba, amayi anatumiza uthenga kuti chimanga chamera ndipo feteleza akufunika. Ndinagula matumba anayi a makilogalamu 50. Awiri tinawalowetsa kumbuyo titapinda mpando umodzi, awiri tinawamanga pakaliyala padenga. Mayi akunyumba anakhala kutsogolo, alamu anga, mchimwene wawo, anadzipanikiza pampando wotsalawo. Katundu yense amene Jimny imaloledwa kunyamula, kuwerengera ndi anthu omwe, safika makilogalamu 400. Ife tinapitirira. Pafiling'i siteshoni mnyamata wopopa anayang'ana kukula kwa matayala n'kuwapopa ngati a minibasi, mabaa atatu, pamene kapepala ka pachitseko kamanena mpweya wosafika mabaa awiri. Ndinaona, koma ndinati poti tanyamula katundu zili bwino.

Pano ndiyenera kunena za msinkhu. Jimny ya mtundu umenewu ndi ya mamita 1.6 m'lifupi ndi pafupifupi 1.7 kupita m'mwamba, ndiye kuti ndi yaitali kuposa kutambalala kwake ingakhale isanakhudzidwe. Nkhani ya magalimoto aafupi, opapatiza ndi aatali chotere inavutapo ku America: mu 1988 magazini ya Consumer Reports inalemba kuti Suzuki Samurai, mkulu wake wa Jimny, imagubuduzika msanga pokhota mwadzidzidzi. Kampani ya Suzuki inatsutsa, inakasuma mu 1996, ndipo mlanduwo unatha mu 2004 mbali ziwirizo zitagwirizana kunja kwa khoti. Amene ankalondola ndani, si nkhani yanga. Nkhani yanga ndi yakuti akatswiri anakangana zaka zonsezo za galimoto yosasinthidwa, pamene ine, ndi masipuling'i ndi matayala, ndinali nditakweza yanga masentimita 8, n'kusenzetsanso makilogalamu 100 pamutu.

Tinapatuka pa M1 pa Masasa n'kulowa msewu wa Khwekhwelere. Amene anautsikapo akudziwa: phula lopindikapindika m'mbali mwa phiri, kutsika mamita pafupifupi 1,000 mpaka kuchigwa cha kunyanja, kona ikatha ina yayamba. Kunkawaza kamvula kosanyowetsa munthu koma konyowetsa msewu. Msewu umenewu ndinautsika kosawerengeka ndili m'giya yachitatu, injini ikugwira galimoto yokha, phazi likungokhudza buleki pofika pakona. Tsiku limenelo ndinaika yachitatu mwachizolowezi. Koma yachitatu ya tsopano sinali yachitatu yakale. Galimoto inkathawa, ine n'kumaibweza ndi phazi. Kona yoyamba, yachiwiri, yachisanu, phazi lili pomwepo. Ndikanatsitsa yachiwiri kumtunda komwe, koma tinali pankhani ya sukulu fizi ndi alamu, ndipo dzanja linachita zimene linazolowera.

Mayi akunyumba ndi amene anayamba kumva fungo. “Kodi chikupsa n'chiyani?” Ndinati mwina ndi lole imene yadutsa. Pakona yotsatira ndinaponda, buleki inali yolimba bwinobwino koma galimoto sinamvere. Ndinapondanso, phazi linapita pansi ngati ndaponda papaya lakupsa. Mabuleki akatentha mopitirira, mapadi amaleka kuluma, ndipo mafuta a buleki, makamaka akale amene anayamwa chinyezi, amawira n'kuchita thovu.

Liwiro silinali lalikulu, mwina 40. Kudzanja lamanja kunali phompho, kumanzere khoma la phiri ndi ngalande ya madzi. Ndinakankhira giya yachiwiri, inakukuta mano, n'kulowa mochedwa. Nditasiya kilachi, mawilo akumbuyo anagwidwa mwadzidzidzi, ndipo mano a m'matope, ouma ndi mpweya wochuluka, analibe chogwira paphula lonyowa. Kumbuyo kunatembenuka. Ndinapotoza chiwongolero kuthawa phompho, mawilo akumanzere n'kugwera m'ngalande. Kwa kanthawi galimoto inaima pa mawilo awiri ngati ikuganiza. Kenaka matumba a padenga anaikoka, ndipo inagona chammbali pang'onopang'ono, monga ng'ombe imagonera ikatopa.

Ndinapezeka ndikulendewera palamba, mayi akunyumba ali pansi panga, nkhope yawo ili pafupi ndi udzu umene unalowa pawindo losweka. Injini inali ikulirabe. Kumbuyo alamu ankaitana Yesu ali pansi pa thumba la feteleza. Mawu oyamba a mayi anali odekha modabwitsa.

“Bambo, zimitsani galimoto.”

Anatitulutsa ndi anyamata a makala amene ankakankha njinga zawo kukwera chitunda. Mkono wa mayi wamanzere unali utathyoka pamwamba pa chigongono. Alamu anatupa phewa basi. Galimoto ina yotsika inaima n'kuwatenga awiriwo kupita nawo kuchipatala. Ndisanatseke chitseko chake ndinafuna kunena kanthu, koma mayi anali atatsinzina, akuluma mlomo.

Nditatembenuka ndinaona matumba a padenga. Onse awiri anali ataphulika pamwala. Feteleza woyera anali mbwee m'ngalande ngati matalala, ndipo madzi otsika kuphiri ankamusungunula ndikuona. Mayi wina wodutsa anayamba kuwola ndi manja kuthira m'chitenje chake, n'kundipatsa. Sanakwane ndowa.

Anthu asanu ndi atatu anaidzutsa galimoto ndi manja, kupepuka kuja n'kundithandiza komaliza. Tayala lakutsogolo kumanzere linali litang'ambika m'mbali. Ndinatulutsa jeke, n'kuipukusa mpaka kumapeto, tayala osachoka pansi: inapangidwira galimoto ya msinkhu wakale. Tinasanja miyala yaphanthiphanthi pansi pake. Kenaka ndinamasula sipeya, ya tsiku limodzi ija, ndipo tsiku lake linali limeneli. Itamangidwa, galimoto inaima mopendama ngati tebulo la mwendo umodzi waufupi.

Ndinaimbira amdala aja, patatha miyezi ndikuwazemba. Funso lawo loyamba linali lakuti anthu ali bwanji. Kenaka anati ndisalize injini msanga, ndidikire oilo abwerere pansi, ndione mlingo wake, ndiponso mabuleki azizire mpaka phazi lilimbe. “Ndipo batani la 4WD lija musalikhudze paphula. Galimotoyi ilibe difu yapakati. Mukadina, kutsogolo ndi kumbuyo zimamangidwa pamodzi, ndiye wilo limodzi likufuna 2.10, enawo 2.30. Chimodzi mwa zitsulo chigonja.” Ndinakhala pamwala maola awiri. Ndinatsika chotsalacho m'giya yoyamba, mahazadi akuphethira, ana a m'mbali mwa msewu akundithamangira n'kundipitirira. Galimoto ndinaisiya pa Golomoti. Matumba awiri otsala anakafika kwa amayi pangolo ya ng'ombe, imene inadutsa padambo paja osaima.

Patatha sabata tinaikokera ku Lilongwe. Amdala atamasula kutsogolo, anandiitana n'kundithira m'manja zimene zinatuluka mu king pin: timiyala tachitsulo tofiira ndi dzimbiri, tokumbikakumbika ngati chimanga chofumbwa ndi anankafumbwe. Madisiki anali atasintha mtundu n'kuchita bluu. Mapaipi a raba a mabuleki anali okokeka poti palibe anaganiza zoika aatali pokweza galimoto. Pomaliza anapukuta khoma la tayala long'ambika n'kundionetsa manambala anayi amene ali kumapeto kwa mzere woyamba ndi zilembo za DOT. Panalembedwa 2314, kutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2014. Mano anali athunthu, koma raba inali ya zaka 8, youma ndi yosweka timing'alu. Manambalawa ali pa tayala lililonse, ndipo kuwawerenga n'kwaulere.

Mawu akuti ndinakuuzani sanatuluke pakamwa pawo. Ndinawafunsa kuti nanga a pazithunzi aja amatha bwanji. Anati amatha, koma chithunzi chimaonetsa tayala chokha. Amene amachita mwadongosolo amasintha magiya a mu transfer kuti mphamvu ibwerere, amaika mabushi kapena mikono yokonza kupendama kwa ekiselo, amatalikitsa mapaipi a mabuleki, amakonza muvi wa liwiro, amagula matayala asanu ofanana ndi jeke yofika, amauza a inshulansi, ndipo king pin amaiyang'ana pafupipafupi. Zonsezo pamodzi zimaposa mtengo wa matayala kutalitali, ndipo ambiri mwa magalimoto amenewo ndi oseweretsa Loweruka, si onyamula feteleza ndi mkazi wa munthu. Anati munthu akafunitsitsa kukwera pang'ono, pali sitepe yaing'ono monga 195/80R15, saizi imene Jimny yatsopano yotuluka mu 2018 imabwera nayo. Ndi ya mamilimita 693, kusiyana kosafika maperesenti 4, ndiponso ndi yopyapyala, yoboola matope. Ine mtima wa masitepe unali utandithera. Tinachotsa masipesa, tinabwezera masipuling'i akale amene mwamwayi ndinali ndisanagulitse, n'kugula asanu a 205/70R15 a mano apakatikati. Ngodya za bampala zodulidwa ndi sowo zilipobe.

Ndisanamizire matayala okha. Katundu ndinachulutsa ndine, giya ndinasankha ndine, mafuta a buleki ndinali ndisanasinthe chigulireni galimoto. Koma zolakwa zomwezo ndinazichitapo kale pamsewu womwewo, galimoto n'kundikhululukira, chifukwa opanga amasiya mpata wa munthu wopusa pang'ono. Mpata umenewo ndi umene ndinadula ndi sowo, pang'ono pageti paja, pang'ono pa masipesa, pang'ono pa shoko ya chiwongolero, mpaka tsiku limene ndinaufuna unali utatha. Inshulansi yanga inali ya third party, choncho chitseko, galasi, denga ndi chipatala zonse zinatuluka m'thumba. Za feteleza wina panalibenso pogwira.

Mayi akunyumba anakhala ndi pulasitala masabata asanu ndi limodzi. Mkonowo umawawabe kukazizira m'mwezi wa June. Tikafika pa Masasa amasiya kulankhula, dzanja lamanja n'kugwira lamba, ndipo amayambanso nkhani tikaona nyumba za pa Golomoti.

Kumudzi ndinapitako kumapeto kwa February. Amayi sanafunse za galimoto, anafunsa za mpongozi wawo, kenaka anati tiyeni mukaone kumunda. Tinayenda m'mizere iwo ali patsogolo ndi ndodo yawo. Kuyambira kunjira mpaka pachulu chimanga chinali chobiriwira mpaka kuda, chotalika kundipitirira, china chitabereka ziwiriziwiri. Titadutsa chulu, ngati munthu wajambula mzere ndi chingwe, chinali chachikasu, chofika m'chiuno, ngaiyaye zitatuluka pa mapesi onga zala. Amayi anaima pamalirepo, n'kuloza pansi ndi ndodo.

“Anathera apa,” anatero, n'kuwerama kuzula kaufiti.